Ana akubwera ndi ma reference a ChatGPT oti kulibe, bungwe lathu lingatithandize bwanji?

wapadesiki_22

Moni akuluakulu nonse a m'malaibulale. Ine ndili pa koleji ina yaing'ono ya anamwino, ndatha chaka ndi miyezi ingapo pa desiki ya reference, pomwe owerenga amabwera ndi mafunso, ndiye pali nkhani yandisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Lachiwiri kunabwera mtsikana wa chaka chachitatu, foni m'manja sikirini yong'aluka pakona, akuti madamu ndipezereni mapepala asanu awa asainimenti ikufunika Lachisanu. Nkhani yake ya malungo kwa amayi oyembekezera. Awiri ndinawapeza mosavuta pa PubMed, webusayiti yosakira kafukufuku wa zaumoyo, koma atatu enawo ayi ndithu, chonsecho mutu ulipo wooneka bwinobwino, mayina a olemba, chaka, mpaka nambala za masamba, journal yakenso yeniyeni Malawi Medical Journal, koma ukatsegula pa AJOL, webusayiti ya ma journal a mu Africa, volume imene yalembedwayo masamba amenewo pali nkhani ina yosakhudzana ndi malungo olo pang'ono. Maola awiri anapita. Pomaliza ndinamufunsa kuti mwanawe mndandandawu wautenga kuti, anazolika kaye kenako akuti ChatGPT. Sikuti ankafuna kundinamiza ayi, iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mapepalawo alipo, ndipo anali atawalemba kale mkati mwa asainimenti.

Chachiwiri ndi WhatsApp. Ndinapatsa nambala yanga mwana m'modzi kuti ndimutumizire PDF, pano ili ndi kalasi yonse, mafunso amabwera 11 koloko usiku ngakhale Lamulungu ndili ku tchalitchi, ndipo kukana kumandivuta chifukwa ndimadziwa kuti ena ali ku mawodi kutali sangabwere ku laibulale.

Funso langa ndi loti kodi ku MALA, bungwe lathu la Malawi Library Association, zinthu ngati izi zimakambidwa? Ndikakhala membala ndingapindule chani pa nkhani ya tekinoloje pa desiki? Nanga anzanga mukuchita bwanji inu?

gogo_wa_katalogu

Mwana wanga, choyamba wachita bwino kumufunsa mtsikanayo modekha osamuchititsa manyazi, akanathawa osabweranso.

Ine ndinayamba ntchitoyi nthawi ya makadi m'madirowa. Kenako kunabwera CDS/ISIS, pulogalamu ya katalogu ya UNESCO ija, kenako ma CD-ROM, munthu akafuna za mankhwala umayika Medline, akafuna zaulimi TEEAL ya ku Cornell, umasintha ma CD uku munthu wayima pambali akudikira. Hinari yotsegulira ma journal a zaumoyo pa intaneti inayamba 2002, AGORA ya zaulimi 2003, koma intaneti yathu nthawi imeneyo PDF imodzi umatha kuyisiya ikutsika nkupita kukamwa tiyi. Ndiye chimene ndikufuna umve ndi ichi, palibe laibulale imene inatuluka yokha m'mavuto amenewo. MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi, inakhazikitsidwa 2003 kuti malaibulale azisonkha pamodzi nkumalembetsa ma journal a pa intaneti ngati gulu, ndipo ndi iyo inayendetsa zobweretsa ma VSAT aja, madishi a intaneti ya pa setilaiti, mu 2005 ku Chancellor College, Bunda, College of Medicine ndi Mzuni. Amene tinaona tsiku loyamba nkhani ikutseguka msanga pa sikirini sitidzaiwala.

Usasokoneze mabungwe awiriwa. MALICO mamembala ake ndi malaibulale, nkhani yake ndi kugula ndi kugawana zinthu. MALA, yomwe inayamba 1976, ndi ya ife anthu ogwira ntchitoyi, maphunziro, misonkhano, kuyankhula ndi mawu amodzi. Ambiri a ife satifiketi yoyamba ya ntchitoyi tinayitengera kumeneko Mzuni isanayambe digiri. Ndipo bungwe lotere si sitolo yoti upereka ndalama nkulandira katundu, zimene zimakambidwa pa msonkhano zimachokera kwa mamembala amene alemba nkupereka. Nkhani ya mtsikana wakoyo ndi pepala lathunthu kale, lemba masamba awiri okha, wawona chani, kangati pa temu, unatsimikiza bwanji kuti reference ndi yabodza, utumize ku komiti akamaitanitsa mitu. Usaope kuti ndiwe wamng'ono pa ntchito, akuluakulu ambiri sakhalanso pa desiki, amene mukuona zimenezi ndi maso ndinu.

Koma chimodzi chisakusocheretse. Makina asintha kanayi kapena kasanu ine ndikuona, ntchito ya pa desiki ndi yomweyo, kufunsa munthu kuti kwenikweni akufuna chani. Safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu umakhudza ifenso osati owerenga okha. Mtsikanayo sankafuna mapepala atatu amenewo, ankafuna umboni wa malungo kwa amayi oyembekezera kuno kwathu, ndipo umboni umenewo ulipo wambiri, kafukufuku wa malungo wachitika zaka zambiri ku Blantyre ndi ku Mangochi. Ukanayamba ndi funso loti asainimentiyo ikufuna chani, maola awiri aja akanakhala mphindi 20.

mlongo_wa_kuboma

Agogo mwanena zoona koma ndiloleni ndiwonjezere za ife a malaibulale a m'maboma chifukwa nkhani za tekinoloje zikayamba zimangozungulira makoleji basi.

Kuno ChatGPT si vuto lathu loyamba. Vuto ndi magetsi akathima m'mawa mpaka madzulo, bandulo yatha pakati pa mwezi, kompyuta zilipo zitatu yoyaka imodzi. Ndipo mafunso athu ndi ena, ana a folomu 4 akufuna mapepala akale a MSCE, wina akufuna kudzaza fomu ya ntchito pa intaneti alibe imelo, wina za malamulo a malo. Chaka chimene ntchemberezandonda zinavuta kwambiri chija, 2017, kunabwera bambo wina wachikulire ndi jumbo m'manja, mkati muli mitima ya chimanga yodyedwa ndi mbozi ziwiri zikuyendayenda, anayika pa tebulo pangapo nkunena kuti mwanangu akuti inu mumadziwa zonse za m'mabuku, ichi nchani. Buku lake tinalibe. Ndinatenga foni yanga, bandulo yangayanga, kupeza zithunzi za FAO, kufanizira mutu wa mboziyo womwe uli ndi chizindikiro ngati Y yozondoka, kenako kumasulira zonse m'Chichewa pakamwa, nkuwalembera pa kapepala kuti akaonane ndi alangizi a zaulimi pa za mankhwala chifukwa zimenezo si zanga kulamula. Imeneyonso ndi reference ndipo tekinoloje yake inali foni ya m'thumba.

Ndiye ine pempho langa kwa bungwe lililonse la ntchito yathuyi, maphunziro akakonzedwa aganizire oti alibe thiransipoti yopitira kutali. Ngakhale ma voice note pa gulu la WhatsApp la mamembala, mutu umodzi pa mwezi, angatithandize kuposa wekishopu ya masiku atatu yoti sitingafikeko. Komanso atiphunzitse zinthu zogwira popanda netiweki monga Kiwix, ija imakhala ndi Wikipedia yonse pa kompyuta osafuna intaneti, ine ndinayidziwira kwa mwana wa achimwene anga. Chinanso ndi chilankhulo, zonse zili pa intanetipo ndi Chingelezi, womasulira ndi ife, koma za kamasuliridwe kabwino ka mawu a zaumoyo kapena a malamulo aliyense amangodzipangira yekha.

wa_ku_Joni

Achemwali a pa desiki, ine ndikugwira pa laibulale ya yunivesite ina kuno ku South Africa, zimene mwakumana nazozo kuno ndi za sabata iliyonse. ChatGPT inatuluka kumapeto kwa 2022 ndipo kagwiridwe kake ndi kolosera mawu oyenera kutsatana, ndiye ikapanda kusaka kwenikweni imatha kulumikiza dzina la wolemba weniweni, journal yeniyeni ndi mutu wopeka nkutulutsa chinthu chooneka choona. Nchifukwa chake zimapusitsa ngakhale malekichala.

Ine ndimachita chonchi ndipo sindipyola mphindi zisanu pa reference imodzi. Ngati pali DOI, nambala yapadera yozindikiritsa pepala, ndimayimata pa doi.org, ikakana kutseguka kapena ikatsegula nkhani ina ndadziwa kale. Ngati palibe ndimayika mutu wonse m'ma quotation pa Google Scholar, kenako Crossref yomwe imasunga ma DOI, za umoyo PubMed. Konse kukasowa ndimasiya, sindilimbana nazo, ndimatembenuza sikirini kuti mwanayo aone yekha nkumuuza ayesenso yachiwiri ndi manja ake. Akachita kamodzi amakaphunzitsa anzake ku hosteli.

Za WhatsApp chonde siyani nambala yanu. Pemphani abwana SIM ya laibulale, muyike WhatsApp Business, ili ndi poyika maola ogwira ntchito ndi uthenga woyankha wokha usiku. Sikuti nkhani ndi tulo tanu tokha, munthu akamafunsa za matenda kapena za mimba nthawi zina akudzifunsira yekha, ndiye mafunso otero kukhala mu foni yomwe ana kunyumba amaseweretsa si bwino, chinsinsi cha wowerenga ndi udindo wathu. Apa mpamene bungwe lingathandize kwambiri, tsamba limodzi lokha la ndondomeko loti aliyense akaonetse abwana ake, chifukwa iwe wekha ukapempha SIM amaona ngati ukufuna eyataimu, koma likakhala pepala la bungwe amamva.

Kuno LIASA, bungwe la ogwira ntchito m'malaibulale lomwe linayamba 1997, ili ndi timagulu ta mamembala malinga ndi mbali ya ntchito, ndiye sudikira msonkhano waukulu kuti ukambe za desiki. Ku America nthambi ya bungwe lawo la ALA yoona za reference, RUSA, inali ndi gawo lomwe linkatchedwa MARS kenako Emerging Technologies Section, ndipo kwa zaka zambiri ankatulutsa mndandanda wa mawebusayiti aulere abwino oyankhira mafunso. Chimenechi kwathu tingachipange popanda ndalama, anthu asanu pa gulu basi, MalawiLII ya malamulo ndi zigamulo za makhothi, webusayiti ya National Statistical Office ya kalembera wa 2018 ndi ma DHS (kafukufuku wa zaumoyo wa m'makomo), AJOL, DOAJ ya ma journal aulere, Research4Life (momwe muli Hinari ndi AGORA) yomwe dziko lathu lili m'gulu lolowa ulere bola koleji ilembetse, aliyense alembe mizere itatu kuti umagwiritsa bwanji ntchito ndipo imadya bandulo yochuluka bwanji. Mlongo wa kuboma mfundo yanu ya Chichewa ilowenso momwemo. Yang'ananinso AfLIA, bungwe la malaibulale a mu Africa lomwe ofesi yake ili ku Accra, ndi EIFL yothandiza malaibulale a m'maiko osauka, amakhala ndi maphunziro a pa intaneti ndipo ambiri salipiritsa. Tinakwanitsa kulandira SCECSAL, msonkhano waukulu wa malaibulale a m'chigawo chino cha Africa, ku Lilongwe mu 2014, kagulu ka za reference sikangatikanike.

mphunzitsi_wa_unamwino

Ine si wa laibulale ndine lekichala koma ndimawerenga kuno. Mukakonza maphunzirowo mutiyitaneko ifenso chonde. Ndimachonga mapepala 60 ndekha, sindingatsegule reference iliyonse, ndipo njira ya DOI imene yanenedwa pamwambapa ndayimva lero. Mutabwera m'kalasi mphindi 30 zokha kumayambiriro kwa temu ana asanayambe kulemba, ine nthawiyo ndipereka ndi manja awiri. Awa ndi anthu oti mawa akapereka mankhwala kwa odwala, azolowere pano kutsimikiza chimene awerenga.

wapadesiki_22

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Agogo mawu anu oti ndikanayamba ndi kufunsa za asainimenti andilowa, ndinathamangira kusaka chifukwa mndandanda unali kale m'manja.

Mtsikana uja anabweranso Lachinayi m'mawa, tinakhala limodzi pa kompyuta, ndinamusiya alembe yekha mawu osakira pa PubMed, malaria, pregnancy, Malawi, zinatuluka zambiri mpaka anadabwa, tinasankha zinayi zoti zikutseguka zonse ndipo anakhala mpaka 12 koloko akuwerenga nkumakonza ndime zomwe anazimanga pa mapepala abodza aja. Ndime imodzi anayichotsa yonse chifukwa nambala yomwe inali mmenemo sitinayipeze paliponse.

Za SIM ndalemba kale kalata kwa abwana, ndipereka Lolemba. Ndayambanso kulemba m'kope reference iliyonse yabodza imene yabwera, tsiku ndi kosi yake basi osalemba dzina la mwana, kuti pofika nthawi yotumiza mutu ndikhale ndi zooneka. Achimwene a ku Joni ndi mlongo wa kuboma, za mndandanda wa mawebusayiti ine ndili momo, ndingatenge mbali ya zaumoyo. Ndani angatenge zaulimi ndi za malamulo? Komanso agogo, pepala la masamba awirilo ndikalemba mungandiwerengereko ndisanatumize?