Khirisimasi ya anthu 15: ndigawe bwanji ndalama kuti Januwale asatipweteke?

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni

Moni nonse. Chaka chino Khirisimasi idyeredwa kwathu. Akuluakulu ndi 9, ana 6, kuphatikizapo apongozi ochokera kumudzi omwe akhale masiku atatu. Malipiro abwera cha pa 20 Disembala, ena ndi kumapeto kwa Januwale. Ndili ndi K450,000 ya chakudya ndi mphatso. Mpunga ndi ndiwo ndigule zochuluka bwanji? Mbuzi kapena nkhuku? Nanga mphatso, ndigulire aliyense?

Mlembi_wa_Banki_Mkhonde

Chemwali, za mpungazo ziyambe zadikira. Tengani kaye pepala mulembe za Januwale, chifukwa malipiro a pa 20 Disembala ayenera kukusungani masiku oyandikira 40, osati 30. Lembani lendi, mayunitsi a ESCOM, madzi, thiransipoti ya kuntchito, makope, yunifolomu ndi fizi ya teremu yachiwiri, yomwe imayamba kumayambiriro kwa Januwale. Ngati muli ndi munda, onjezerani feteleza wobereketsa: Urea amathiridwa patatha milungu itatu chimanga chitamera, ndiye amagwera nthawi yomweyi. Komanso chimanga cha pakhomo gulani tsopano. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, mtengo wake umakhala uli pamwamba.

Kulemba kokha sikukwanira. Ndalama yooneka imadyedwa. Tsiku lomwe malipiro alowa, lipirani lendi ya Januwale, gulani mayunitsi, ndipo ya fizi isiyeni kubanki. Musaisunge mu Airtel Money kapena Mpamba momwe mlamu akangoimba foni mumatumiza musanaganize.

Ngati K450,000 yanuyo ndi yotsala mutachotsa zonsezi, igaweni motere: K270,000 chakudya ndi zakumwa, K90,000 mphatso, K45,000 makala ndi thiransipoti, K45,000 yosakhudza. Yosakhudzayo si yongokongoletsa pepala. Pa 25 pamabwera anthu omwe simunawaitane, ndipo pa 1 Januwale ana adzafunanso mpunga. Ngati simunachotse za Januwale, ndiye kuti ndalama ya Khirisimasi muli nayo ndi yochepera pamenepa, ndipo ndi bwino kudziwa lero.

Katapila ayi. Mukabwereka K100,000 pa chiwongola dzanja cha theka pamwezi, kumapeto kwa Januwale akufuna K150,000, pomwe nkhukuyo munaiwala ndi kukoma kwake komwe.

Wophika_pa_Maukwati

Mitengo ikusintha sabata ndi sabata, choncho ndikupatsani miyezo, mitengoyo mukaike nokha mukazungulira msika.

Werengani mbale. Ana awiri ndi mbale imodzi ya wamkulu, ndiye 9 kuphatikiza 3 ndi 12. Onjezerani zitatu za odutsa, zikhale 15.

Mpunga: kilogalamu imodzi yosaphika imakhutitsa akuluakulu 7. Chakudya chimodzi ndi makilogalamu awiri ndi pang'ono, choncho thumba la makilogalamu 5 likukwanirani pa 25 ndi pa 26. Wa Kilombero ndiye wa tsikuli, koma pamsika ena amausakaniza ndi wina. Tapani pansi pa thumba, osati pamwamba pomwe akuonetsani, muununkhize ndi kuona ngati njere zake ndi zofanana kutalika. Woswekasweka kwambiri umaphika phala. Mumphika waukulu madzi amachepetsedwa: makapu atatu a madzi pa makapu awiri a mpunga, moto wochepa, chivundikiro chosatsegulatsegula. Ambiri amaupsereza pansi chifukwa chosonkhezera mbaula ngati akuphika nyemba. Ufa usasowe. Apongozi akadya mpunga masana, madzulo adzafunsa nsima, ndipo makilogalamu 5 akwana masiku atatuwo ngati nsimayo ndi ya madzulo okha.

Nkhuku: yachizungu yokula bwino imatuluka nthuli 12 mukadula mosamala. Nthuli ziwiri pa mbale ndi 30, ndiye nkhuku zitatu. Gulani yachinayi yachikuda ya apongozi, ndiwo ulemu wake. Koma musaziphike mumphika umodzi. Yachikuda imafuna ola limodzi ndi theka kapena awiri, pomwe yachizungu ikapitirira mphindi 40 imasungunuka, mumangotsala ndi mafupa mumsuzi. Yachizunguyo iwiritseni pang'ono ndi mchere ndi adyo, muikhetse madzi, kenako mukazinge. Imamwa mafuta ochepa ndipo siikhala yaiwisi pafupa.

Mafuta malita awiri akwana. Mukafuna tchipisi, ndi malita 5 komanso mbatata ya kachewere makilogalamu 4, ndipo apa ndi pomwe ndalama imathera mosadziwika. Mbatata yomweyo yowiritsa n'kuikazinga pang'ono imadya gawo lochepa la mafutawo. Kabichi mitu iwiri ikuluikulu, anyezi kilogalamu imodzi. Tomato nthawi ya mvula amadula ndipo amaola msanga, mugule pa 23 kapena 24, osapsa kwambiri.

Zakumwa ndiye dzenje lina. Botolo limodzi la Sobo la malita awiri, mukasungunula gawo limodzi pa magawo anayi a madzi, limatulutsa malita 10, omwe ndi makapu 40. Fanta gulani wa ana, botolo limodzi aliyense pa 25, basi. Otsalawo thobwa. Pa ndowa ya malita 20 mufunika ufa wa mgaiwa makilogalamu awiri, chimera cha mawere kilogalamu imodzi, shuga kilogalamu imodzi. Phikani phala lamadzimadzi madzulo a pa 23, mulisiye lizizire mpaka chala chizitha kukhalamo, ndiye muthire chimera n'kutakasa. Mukathira likadali lotentha kwambiri, chimera chimafa mphamvu, thobwa silisungunuka ndipo silitsekemera. Ligone usiku, m'mawa muliwiritsenso. Shuga thirani pomwa. Mukathiriratu mundowa limasasa msanga ndi kutentha kwa Disembala.

Bambo_wa_ku_Mitundu

Miyezo ya amayi ali pamwambawa ndi yoona, ndingoyankhapo za mbuzi. Mbuzi yolemera makilogalamu 25 yamoyo imatulutsa nyama ya makilogalamu 11 kapena 12 ndi mafupa omwe, kupatula zam'kati ndi mutu. Anthu 15 pa chakudya chimodzi amadya makilogalamu atatu kapena anayi. Yotsalayo muika kuti? Nyengo ya mvula magetsi sakhulupirika, ndipo firiji ikazima tsiku lonse nyama imayamba fungo. Mbuzi imatchipa pokhapokha mwagwirizana mabanja atatu, mwasonkha, mwapha pa 24 n'kugawana milu pamaso pa onse. Gwirizananitu za chiwindi, mutu ndi chikopa mpeni usanagwire ntchito, chifukwa mikangano imayambira pamenepo. Panokha, khalani pa nkhuku.

Nkhukuzo musadikire pa 24, tsiku lomwe wogulitsa amadziwa kuti simungabwerere chimanjamanja. Pezani woweta kumayambiriro kwa Disembala, mugwirizane mtengo, mupereke theka, mukatenge pa 23. Kuzisunga nokha milungu iwiri n'kuluza: zimadya, zimaonda, ndipo zogula pamsika zimatha kubweretsa chitopa. Nkhuku yoodzera, yogwetsa mapiko, yotsegula m'mimba zobiriwira kapena yopotoka khosi, isiyeni ngakhale atsitse mtengo.

Zosaola monga mpunga, shuga, mafuta, mchere, sopo ndi Sobo zimagulidwa kumapeto kwa Novembala kapena sabata yoyamba ya Disembala, m'mashopu a pikulitsa. Mukagula, tsekerani m'katoni kuchipinda. Zikakhala kukhitchini zimatha Khirisimasi isanafike. Makala nawonso gulani msanga n'kuwaika pa matabwa, chifukwa a pa 24 amakhala onyowa, ndipo thumba lolemera kwambiri nthawi zambiri ndi madzi ndi fumbi la pansi.

Azakhali_a_Ana

Za mphatso: musagulire munthu aliyense. K90,000 pa anthu 15 ndi K6,000 aliyense, mungogula tizinthu tosathandiza. Ganizirani akuluakulu a kumudzi ndi ana okha.

Apongozi: chitenje chimodzi chabwino, shuga mapaketi awiri, mafuta lita imodzi, sopo wochapira, mchere ndi masamba a tiyi. Katundu wotere amaoneka akamatsika basi, ndipo amawathandiza mwezi wonse wa njala. Ya thiransipoti yobwererera ikani mu envelopu lero lomwe, muonjezerepo pang'ono poti minibasi zimakweza mtengo masiku amenewa. N'zochititsa manyazi kuyamba kusaka ngongole alendo atamanga kale katundu.

Ana: agulireni zomwe mukanagula ndithu mu Januwale. Nsapato za kusukulu, chikwama, juzi. Mwana amasangalala chimodzimodzi, inu mwachotsa mzere umodzi pa pepala la Januwale lija. Pa kaunjika pitani tsiku lotsegula belo, m'mawa, isanafike sabata yomaliza. Jambulani phazi la mwana papepala, mulidule, mukalowetse m'nsapato, ndipo pakhale danga la chala chimodzi kutsogolo. Pindani nsapatoyo pakati kuti muone ngati pansi pake sipanang'aluke. Tizidole ta mabatire tisiyeni. Maswiti paketi imodzi ndi mabaluni zakwana.

Akuluakulu enawo asabwere ndi mimba zokha. Pofika pa 10 Disembala lembani pa gulu la WhatsApp la banja, dzina ndi chinthu: alamu nkhuku ziwiri, achimwene mafuta, achemwali Sobo. Mukangoti "aliyense abweretse kenakake" mudzalandira makabichi asanu. Achibale a ku Joni otumiza pa Mukuru apempheni atumize sabata yoyamba, chifukwa masiku omaliza mizere imatalika ndipo maejenti ena ndalama zimawathera. Potapa, tapani kamodzi, poti kutapa pang'onopang'ono kumadya ndalama zodula. Uthenga wakuti wina watumiza ndalama molakwika mumubwezere, yang'anani kaye balansi yanu.

NaPhiri_wa_ku_Chilomoni

Zikomo nonse, mbuzi ndaisiya. Nanga mowa wa azibambo ulowe pati?

Mlembi_wa_Banki_Mkhonde

Usalowe paliponse, chemwali. Womwa adzigulire kapena asonkherane okha, ndipo muwauziretu pa gulu lomwe lija. Kireti imodzi ikalowa m'bajeti yanu imaitana yachiwiri, ndipo yachiwiriyo imatuluka mu K45,000 yosakhudza ija. Ngati mwatenga makireti a Fanta pa golosale, werengani mabotolo pobwera ndi pobweza, chifukwa losweka kapena losowa mumalipira ndinu.