Mwana wanga akukana kugona pa matiresi ake usiku, ndithandizeni nzeru

Make Tada:
Amayi anzanga ndi azibambo omwe, ndithandizeni nzeru ine ndatopa. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 2 ndi miyezi 7, chibadwire amagona nane bedi limodzi, kuyamwa anasiya kalekale koma kugona limodziko ayi. Pano ndine woyembekezera ndiye tinamugulira kamatiresi kake ndi neti yake nkuyika mmbali mwa bedi lathu, poti nyumba yathu ndi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza basi. Koma eeeh. Ukamugoneka cha mma 8 wadzuka akuti madzi, ukamupatsa madzi akuti bibi, ukamukhazika pa poti palibe chomwe akupanga angokuyang'ana nkumaseka, kenako akufuna foni aonere makatuni. Amagona cha mma 11 ndipo mpaka akhale atagwira khutu langa. Pakati pa usiku umangomva munthu watukula neti, wadzilowetsa pakati pa ine ndi bambo ake, miyendo pamimba panga. Bambo ake amalawirira kuntchito ndiye akuti tingomusiya adzasiya yekha, apongozi akuti ndimukwapule kamodzi aphunzira, mnzanga wina akuti wake amamumwetsa Piriton. Inuyo munatani kuti wanu azolowere?

Nachisale:
Achemwali musanapite kutali ndikufunseni kaye, masana amagona nthawi yanji ndipo amadzuka nthawi yanji? Chifukwa nkhani zambiri za usiku zimayambira masana. Ngati mumamusiya ndi mtsikana wantchito fufuzani bwinobwino, ambiri amamubereka mwana cha mma 3 kuti agone iwo achape ndi kuphika mwamtendere, mwana nkudzuka dzuwa likulowa, ndiye inu mukufika kunyumba mwatopa iye ndi pamene wayamba tsiku lachiwiri. Sindikuwanena atsikanawa, nawonso ntchito imawachulukira, koma mwana amene wadzuka 6 madzulo sangagone 8 ngakhale mutamuyimbira nyimbo zonse za mu kwaya.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri amafunika maola 11 mpaka 14 a tulo pa tsiku lonse, kuphatikiza tulo ta masana, ndipo wa zaka 3 mpaka 4 ndi maola 10 mpaka 13. Wanuyo ali cha pakatipo. Ndiye tingowerengera, akagona maola atatu masana nkudzuka 7 mmawa, ndiye kuti usiku thupi lake likufuna mwina maola 9 okha, ndi chifukwa chake 10 ikumupeza ali gwa. Agone akangodya nkhomaliro, ola limodzi ndi theka likakwana mudzutseni ngakhale alire, apite panja akathamange ndi anzake. Mmawanso azidzuka nthawi imodzimodzi ngakhale Loweruka.

China, tiyi wamadzulo musiyeni. Masamba a tiyi ali ndi caffeine amene amathamangitsa tulo, ife akulu ambiri sitimva kwenikweni koma kamwana kathupi kakang'ono kamagwidwa. Mkaka wofunditsa kapena kaphala kochepa ndi bola.

Anamwino_opuma:
Za Piriton zija ayi chonde mwana wanga, muwauzenso anzanuwo asiye. Amene aja ndi mankhwala a ziwengo ndi kuyabwa, kuwodzera ndi zongobwera nawo, ndipo ana ena mmalo mogona amachita kubalalika kuposa kale. Mwana wamng'ono chonchi mlingo wake ndi wosavuta kupyola. Ngati sanalembe dokotala musamupatse.

Ine chomwe ndingapemphe, musanaganize kuti ndi makani muoneni kaye thupi. Akagona tengani tochi mumuyang'ane kumatako, pali tinjoka ta mmimba tating'ono toyera ngati ulusi timatuluka usiku kudzayikira mazira panja, mwana amayabwidwa kwambiri koma sadziwa kufotokoza, amangotembenuka ndi kulira. Mukationa pitani naye ku sikelo akamupatse mankhwala a njoka, ndipo zofunda muchape, zikhadabo muwenge. Muonenso pakati pa zala ngati pali mphere, nazonso zimayabwa kwambiri usiku. Matiresi ngati munagula ogwiritsidwa kale ntchito yang'anani mmisoko mwake, nsikidzi zimabisala mmenemo. Komanso msinkhu umenewu, pakati pa zaka 2 ndi 3, ndi pamene mano omaliza akumbuyo amatuluka. Akatentha thupi musadikire kuti kuche kawiri, kayezetseni malungo.

Neti ija muziyipinda pansi pa matiresi mbali zonse, mwana wogona pansi akagubudukira ku neti udzudzu umamuluma kudzera pa neti pomwepo.

Foni nayo ichoke kuchipinda. A WHO omwewo amati mwana wa zaka 2 asapyole ola limodzi pa tsiku akuonera, ndiye olalo likhale la masana.

Bambo_a_mapasa:
Ine ndiyankhule ndi achimwene anga bambo a Tada kudzera mwa inu alamu kkkk. Zoti adzasiya yekha ndi zoona, palibe amene anakwatira akugonabe ndi mayi ake, koma khanda likubwera miyezi ikubwerayi osati zaka 5 zikubwerazi. Ndipo ntchito yomubweza pa matiresi ake ndi ya bambo, mayi woyembekezera azidzuka kangati usiku umodzi nkumanyamula mwana wolemera chonchija?

Kwathu tinkapanga chonchi. Tikadya nsima, kuwasambitsa, kutsuka mano, madzi amwe pomwepo, pa poti akhale pomwepo, kuti pasapezeke chonamizira. Kenako nthano imodzi. Imodzi basi, ndipo umanena usanayambe kuti ikatha iyi tikugona. Ine ndinalibe mabuku, ndinkangopeka za kalulu wokwera minibasi, iwo nkumavomera tili tonse mpaka mawu kumachepa okha. Ndondomeko yake osasintha, tsiku ndi tsiku chimodzimodzi, moti pakapita nthawi ukangotenga thawulo mwana amadziwa kumene zikulowera.

Akadzuka usiku nkukwera bedi lanu, mumunyamule mumubweze, mawu ochepa, "ndi usiku Tada, gona", basi. Osayatsa magetsi, osakambirana naye, osakalipa, chifukwa ngakhale kukalipako kwa iye ndi macheza, wapeza munthu wocheza naye 2 koloko ya usiku. Masiku oyambirira amabwerera kambirimbiri ndipo amalira moti aneba akhoza kugogoda, pamenepo ndi pamene anthu ambiri amagonja, ndipo ukagonja kamodzi mwana waphunzira kuti ndikalira kwambiri zimatheka. Muyambe Lachisanu kuti achimwene asakagone pantchito.

Kukwapula ayi. Mwana wokwapulidwa pogona amayamba kudana ndi malo ogonawo. Chimodzimodzi zomuopseza kuti kukubwera fisi kapena gule akutenga, amakhaladi chete nthawi imeneyo koma akadzidzimuka pakati pa usiku mumdima athawira kuti, si kwa inu komweko?

Naphiri wa ku Dedza:
Ine nditsutsanako nanu pang'ono. Mwana wa zaka ziwiri kufuna kugona ndi mayi ake si matenda, tonsefe tinakula choncho pa mphasa imodzi ndipo tili bwinobwino. Zomusiya mwana alire yekha mpaka atope ine mtima wanga sulola. Chomwe ndikuvomereza ndi chakuti khanda likabadwa sangagone bedi limodzi ndi mkulu wakeyu, ameneyu pogona saona kumene akuponya mwendo, akhoza kulitsamira khanda. Ndiye kusamuka asamuke koma mwaulemu.

Pitani inuyo pa matiresi akewo, mugone naye pompo mpaka tulo timutenge, khutu agwire. Akazolowera malowo muzikhala tsonga pambali mukumusisita kumsana, kenako muzikhala pa bedi lanu mutangomutambasulira dzanja. Mupatseni chitenje chanu chakale chomwe mumamuberekera azigona nacho, chili ndi fungo lanu. Zimatenga nthawi kuposa njira ya bambo a mapasayi koma kulira kumachepa. Ndipo pakamwa panu pasatuluke mawu akuti "choka, bedi ili ndi la mwana", adzalida khandalo lisanabadwe nkomwe. Muzimuuza kuti wakula, ali ndi bedi lake ngati adadi.

Kumudzi akanati mutumizeni kwa agogo ake akakhale kumeneko mpaka mutachira, ena zimawayendera, koma kumuchotsa pa bedi ndi pakhomo nthawi imodzi ine ndimaona kuti nzambiri kwa mwana.

Make Tada:
Zikomo nonse. A Nachisale mwalasa, ndamufunsa mtsikana wathu akuti amagona cha mma 3 mpaka 5 koloko kapena kupyola, ndipo tiyi amamwa ndi bambo ake madzulo aliwonse, kapu yakeyake. Amayi anamwino, tochi ija ndiyesa usiku uno chifukwa amadzikandadi kumbuyo. Funso lina, magetsi akazima ndi pamene amavuta kwambiri, amakuwa kuti kuli mdima, ndimusiyire kandulo?

Nachisale:
Kandulo ndi neti ayi achemwali, neti imagwira moto msanga kwambiri ndipo inu mudzakhala muli mtulo. Gulani kanyali ka sola kaja kotchipa, muzikatchaja masana nkukayika pansi pakona kuseri kwa chinthu kuti kuwala kuzikhala kochepa, ndipo kaziyaka usiku uliwonse kaya magetsi alipo kaya palibe, kuti chipinda chizioneka chimodzimodzi nthawi imene wagona ndi nthawi imene wadzidzimuka. Tulo ta masana tija musatisunthe tsiku limodzi kuchoka 3 kufika 12, akana. Muzibweza ndi theka la ola masiku angapo aliwonse, ndipo mtsikanayo mumuchepetsereko ntchito ya madzulo poti mwana akhala ali maso nthawi imene iye ankaphika.