Kodi lipoti la nkhongole laulere limapezeka bwanji muno mu Lusaka?

Mai wa ku Kabwata analemba:

Ndikupatsani moni nonse. Ndikufuna kukapempha nkhongole ku banki kuti ndifolere nyumba imene ndikumanga ku Chalala mvula isanayambe, koma ndisanapite ndikufuna kudziwa zimene zinalembedwa pa dzina langa ku CRB, kumene amasunga mbiri ya nkhongole za anthu. Mnzanga wa kuntchito anamukaniza nkhongole chifukwa cha ndalama zimene akuti anabweza kalekale, ndipo nkhaniyo anaimvera pa tebulo la woyang'anira nkhongole, mafomu atadzaza kale. Pa intaneti ndapeza malangizo onena za makampani atatu amene amapereka lipoti laulere, koma tsamba lake likufuna nambala ya Social Security, imene ine ndilibe. Kodi kuno kwathu lipotili limatengedwa kuti, kodi ndi laulere zoona, nanga ndikalilandira ndiyang'ane chiyani?

Wopuma ntchito ya banki anayankha:

Amai, zimene munawerengazo ndi za ku America. Kumeneko kuli makampani atatu akuluakulu, Equifax, Experian ndi TransUnion, ndipo tsamba la AnnualCreditReport.com linakhazikitsidwa potsatira lamulo lawo la 2003. Silidziwa chilichonse za nkhongole za ku Zambia, choncho musatayirepo nthawi. Kuno timayendera Credit Reporting Act, lamulo nambala 8 la 2018, ndipo amene amapereka chilolezo ndi kuyang'anira makampani osunga mbiri ya nkhongole ndi Bank of Zambia. Imene anthu amangoti CRB ndi kampani ya TransUnion ya kuno, ndipo lipoti lanu mukalipemphe kumeneko. Muli ndi ufulu wolandira lipoti lanu kwaulere kamodzi pa chaka, ndipo chachikulu chimene adzafune ndi NRC yanu, chitupa cha unzika, kuti atsimikize kuti ndinu mwini dzinalo.

Musadabwe mukapeza kuti dzina lanu lilimo. Aliyense amene anabwerekapo ku banki kapena ku kampani yobwereketsa yokhala ndi chilolezo amapezekamo, wobweza bwino ndi wozemba yemwe, chifukwa kuyambira mu 2008 Bank of Zambia inalamula mabungwe amene imayang'anira kuti azitumiza mbiri ya obwereka komanso kufufuza kaye asanabwereketse. Mbiri yosonyeza kuti munabweza pa nthawi yake imakuthandizani kuposa kusakhala ndi mbiri n'komwe.

Mukalandira lipotilo, yambani ndi tsamba loyamba, limene ambiri amalidumpha pothamangira kuona ndalama. Ikani NRC yanu pambali ndipo muyerekeze manambala limodzilimodzi: asanu ndi limodzi oyambirira, awiri apakati, ndi limodzi lomaliza. Kalaliki akasinthanitsa manambala awiri okha polemba, nkhongole ya munthu wina ikhoza kugwera pa inu, makamaka ife a kum'mawa amene maina a Phiri, Banda ndi Tembo timagawana ndi anthu osawerengeka. Ngati munasintha dzina mutakwatiwa, onani ngati nkhongole za dzina lakale ndi za latsopano zalembedwa bwino, osati imodzi kuoneka kawiri ngati ziwiri zosiyana.

Kenako tengani nkhongole iliyonse payokha. Muone dzina la wobwereketsa, tsiku limene munatenga, ndalama zimene munatenga, zotsala, ndiponso masiku amene akuti munachedwa kubweza. Cholakwa chimene ndinkachiona kawirikawiri ndi cha nkhongole yotha kale koma yolembedwabe kuti ili ndi kandalama kotsala, mwina chiwongoladzanja cha masiku ochepa kapena ndalama zosungira akaunti, ndipo kandalamako kamawerengedwa kuti kachedwa mwezi ndi mwezi mwini wake osadziwa. Ngati pali nkhongole ya kale kwambiri, kumbukiraninso kuti mu January 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, kotero K5,000,000 ya nthawi imeneyo ndi K5,000 ya lero. Pomaliza pali mndandanda wa mabungwe amene anafunsa za inu. Mukaonapo dzina la kampani imene simunapitekopo, mwina wina akuyesa kubwereka ndi chitupa chanu.

Mukapeza cholakwa, lamulo limakulolani kutsutsa. Lemberani TransUnion kalata yotchula akaunti yolakwikayo, muikepo makope a umboni wanu, ndipo musunge kope lanu lodindidwa tsiku limene alandira.

Kalaliki wa ku Matero anayankha:

Ndikugwirizana ndi zimene atate anena pamwambapa, koma pa mfundo yomaliza ndionjezepo kuti kalata ya ku TransUnion yokha siikwanira. Iwo salemba manambala a m'mutu mwawo, amasunga zimene obwereketsa awatumizira, ndipo mukadandaula amabwerera kwa wobwereketsa yemweyo kukafunsa. Ngati m'makompyuta a wobwereketsayo mukadali cholakwa, adzayankha kuti zonse zili bwino, ndipo mwezi wotsatira adzatumizanso nambala yomweyo. Choncho pitaninso kumene cholakwacho chinabadwira.

Ine nkhongole yanga inali yodula pa malipiro. Mwezi uliwonse payslip inkasonyeza kuti ndalama zadulidwa, koma kampani imene ndinkagwirako ntchito inkachedwa kuzipereka kwa obwereketsa, nthawi zina miyezi ingapo. Kwa obwereketsa wochedwayo ndinali ine, popeza pangano linali pa dzina langa. Chimene chinandipulumutsa ndi ma payslip amene mkazi wanga ankasunga m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi makadi a ana a ku sikelo. Ndinawandandalika pa tebulo la woyang'anira nthambi motsatira miyezi, ndinapempha sitetimenti yonse ya nkhongoleyo, ndipo tinayerekeza mzere ndi mzere mpaka zinaoneka kuti tsiku lodula ndi tsiku limene iwo analandira zinali zotalikirana. Panafunikanso kalata ya ofesi yathu ya malipiro yovomera kuti kuchedwako kunali kwawo, ndipo kalata imeneyo ndi imene inavuta kupeza kuposa zonse.

Amai, ngati munamalizapo nkhongole ina iliyonse, pitani mukatenge kalata yotsimikizira kuti inatha, ngakhale lipoti lanu lituluke loyera. Makampani ang'onoang'ono amatseka kapena kugulidwa, ndipo pakapita zaka simupeza wokusainirani. Komanso kukonza cholakwa si nkhani ya tsiku limodzi, choncho ngati mukufuna malata mvula ya mu November isanagwe, yambani tsopano.

Wamalonda wa ku Kamwala anayankha:

Chenjezo langa ndi la anthu amene amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti amachotsa maina ku CRB mukawalipira. Palibe munthu wa pambali amene angafufute mbiri yoona. Ngati munachedwadi kubweza, lipoti lidzasonyeza kuti munachedwa ndiponso kuti pambuyo pake munamaliza, ndipo zimenezo si cholakwa chimene mungatsutse. Choipa kwambiri n'chakuti anthuwa amayamba ndi kupempha chithunzi cha NRC yanu mbali zonse ziwiri, chimene ndi chida chokwanira chobwerekera ndalama pa dzina lanu.

Yang'aniraninso nkhongole zing'onozing'ono za pa foni. SIM iliyonse imalembetsedwa ndi NRC, ndipo ambiri a ife tinalembetsera mwana, wantchito wa pakhomo kapena mayi athu okalamba nambala pa chitupa chathu. Wogwiritsa nambalayo akabwereka K100 n'kuiwala, wobwereka pa mapepala ndinu. Za chilimba (kusonkherana ndalama mosinthana) ndi za kaloba (katapila) musazifune m'lipotimo, chifukwa sizifika kumeneko, kaya munabweza mokhulupirika chotani.

Mai wa ku Kabwata analemba:

Zikomo kwambiri nonse. Ndili ndi funso limodzi lina. Zaka zapitazo ndinasainira alamu anga pamene ankatenga nkhongole yogulira minibasi, ndipo iwo amati akubweza bwino. Kodi zimenezi zingandikhudze? Nanga ngati wobwereketsa akana kukonza cholakwa, ndingapite kuti?

Wopuma ntchito ya banki anayankha:

Zingakukhudzeni, amai. Posaina munalonjeza kuti alamu anu akalephera mudzalipira ndinu, ndipo banki imene mukupitako ikhoza kuwerengera lonjezo limenelo poona ngati malipiro anu angasenze nkhongole ina. Musadalire mawu apakamwa okha. Apempheni mwaulemu kuti akuonetseni sitetimenti yaposachedwa, ndipo ngati nkhongoleyo inatha, mutenge kope la kalata yotsimikizira kuti inatha komanso kuti inu mwamasulidwa. Mukapeza kuti ili m'mbuyo, ndi bwino mukambirane pa banja musanapereke mafomu anu, chifukwa woyang'anira nkhongole akaiona yekha adzakufunsani chifukwa chimene simunaitchule.

Za wobwereketsa wokana, yambani ndi dandaulo lolembedwa ku ofesi yake ya madandaulo, osati kwa kalaliki wa pa kauntala, ndipo mupemphe yankho lolembedwanso. Akapanda kuyankha, kapena yankho lawo likasemphana ndi umboni wanu, tengani makalata onsewo, lipoti lija ndi sitetimenti mupite nazo ku Bank of Zambia pa Cairo Road, chifukwa ndi imene imayang'anira wobwereketsayo pamodzi ndi TransUnion. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission limalandiranso madandaulo a ogula ndi obwereka. Akakuuzani kuti akonza, pemphani lipoti latsopano kuti muone ndi maso anu kuti mzere wolakwikawo wasintha, ndipo mukatero mukapereke mafomu a nkhongole ya malata.