Agalu a aneba akundithera mbuzi, ndiyambire pati?

Mlimi wa ku Mitundu

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi mbuzi 9, zitatu zili ndi bere. Popeza m'minda muli mbewu, ndikumazimangirira kudambo kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko. Aneba ali ndi agalu anayi osamangidwa usana ndi usiku. Sabata yatha kamwana kamodzi ndinakapeza katafa pachikhomo pake, dzulo mkota walumidwa pantchafu ndi pakhutu. Eni agalu akuti ndi fisi. Khola langa ndi lapansi, la mitengo ndi nsungwi. Ena akundiuza kuti ndingothira tameki m'nyama, nkhani ithe. Sindikufuna kudana ndi anthu amene timamwa nawo mjigo umodzi, komanso mbuzi zangazi ndiye feteleza ndi fizi ya ana. Ndiyambire pati?

Wa za ziweto

Bambo, yambani ndi mkota wolumidwawo, za mlandu zibwere pambuyo.

Musagwire balalo ndi manja osavala kanthu. Chiwewe chimayenda m'malovu a galu, ndipo kachilonda ka pachala n'kokwanira kuti chikulowereni. Ngati mulibe magolovesi, valani majumbo awiri dzanja lililonse. Metani ubweya kuzungulira bala, kenaka fufuzani thupi lonse: kunsi kwa khosi, m'mphechepeche, pamimba. Mano a galu amasiya timabowo ting'onoting'ono pachikopa pamene mkati mnofu wang'ambika kwambiri, ndiye bala looneka lochepa ndi limene limapha mbuzi pakatha masiku anayi kapena asanu.

Tsukani kaye ndi sopo ndi madzi ambiri. Mukatero tsukaninso ndi madzi owiritsa othira mchere, timasupuni tiwiri ta tiyi tosasefukira pa lita imodzi. Sirinji yopanda singano imathandiza kukankhira madziwo mkati mwa bowo. Malizani ndi ayodini, ndipo muzibwereza m'mawa ndi madzulo. Bala la mano silisokedwa, silimatidwa dothi, phulusa kapena oyilo wakuda wa galimoto. Likatsekeka pamwamba, mafinya amasonkhana mkati, mwendo n'kutupa. Dzinja lino ntchentche sizichedwa kuikira mazira, pakangopita tsiku limodzi kapena awiri mupezamo mphutsi, choncho gulani mankhwala opopera pabala ku sitolo ya za ziweto ndipo mbuziyo ikhale pamthunzi pouma.

Pafunikanso jakisoni. Amene amapezeka kwambiri ndi oxytetracycline wa 20% wokhalitsa m'thupi, 1 ml pa makilogalamu 10 alionse, wobaya mumnofu. Mkota wa makilogalamu 25 ndi 2.5 ml. Itanani alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi (EPA) ya kwanu adzabaye, chifukwa adzaonanso ngati fupa kapena mtsempha wakhudzidwa, ndipo adzakhala mboni yanu yamphamvu. Werengani pabotolo masiku oyenera kudikira musanadye nyama kapena mkaka wake.

Tsopano za chiwewe. Funsani eni agalu chiphaso cha katemera. Galu amayamba kulandira katemera ali ndi miyezi itatu, n'kumabwereza chaka ndi chaka. Kaya chiphaso chilipo kaya palibe, agalu amene mukuwaganizira amangidwe masiku 10, akudya ndi kumwa bwino. Galu akatha masiku 10 ali gwa, ndiye kuti tsiku lomwe analuma malovu ake analibe kachilomboko. Akafa, akasowa, kapena akayamba kutuluka dovu, kuluma mitengo, kusintha kauwidwe, kauzeni a za ziweto tsiku lomwelo. Mutu wake usaphwanyidwe, chifukwa amayeza ubongo, ndipo kwa inu labotale yaikulu ya za ziweto ili pafupi, ku Lilongwe komweko.

Zikakhala choncho mbuzi yolumidwayo musaiphe kuti mugulitse nyama, musaiperekenso kwa mavenda. Chiwewe chimatha kubisala milungu ingapo ngakhale miyezi. Chiweto chikayamba kulira mosalekeza, kuchucha malovu ndi kulephera kumeza, anthu amapisa dzanja m'kamwa poganiza kuti chatsamwa ndi chitsononkho. Musayerekeze. Munthu akalumidwa kapena malovu akamugwera pachilonda, atsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo amalize majakisoni onse. Zizindikiro zikaoneka pa munthu, mankhwala palibe.

Zitatu za berezo muziziyang'ana. Mbuzi yothamangitsidwa imatha kupoloza patapita masiku angapo ngakhale isanalumidwe.

Mayi a ku Linthipe

Ndivomerezana ndi akuluwa. Ine ndilankhulepo za umboni, chifukwa pabwalo mawu akuti "ndi agalu awo basi" sakufikitsani patali.

Fisi ndi galu sagwira mofanana. Fisi amabwera usiku, amagwira imodzi n'kuikokera kutchire, amaswa mafupa, pamalopo mumapeza magazi ndi mkwekwe wa pomwe anadutsa. Agalu amabwera ngakhale dzuwa lili pamutu, amaluma kumbuyo, ntchafu, mchira, makutu, amavulaza ziwiri zitatu nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri nyama amaisiya osadya kwenikweni. Udzu wozungulira chikhomo umakhala wopondedwapondedwa, chingwe chitapotana. Phazi la fisi ndi lalikulu kuposa la galu wa m'mudzi, ndipo lakutsogolo limaposa lakumbuyo moonekeratu. Pamatope a kudambo mapazi amaoneka bwino. Avundikireni ndi beseni kuti mvula ndi ana asawafafanize, jambulani ndi foni mutaika bokosi la machesi pambali pake kuti kukula kwake kudziwike. Jambulaninso mabala musanatsuke.

Izi zikungotsimikiza kuti ndi galu. Kuti ndi galu wa yani, pafunika maso a anthu. Agalu akalawa kamodzi amabwerera malo omwewo, nthawi yofananayo. Pezani anthu awiri omwe si abale anu akakhale pobisika pafupi ndi dambolo, mbuzi zili ndi mbusa. Alembe tsiku, ola, mtundu wa galu aliyense. Agaluwo akagwiranso mbuzi, pitani kwa eni ake nthawi yomweyo, magazi asanaume pamlomo ndi pachifuwa cha galuyo. Mawa lake ubweya wa mbuzi umaonekanso m'ndowe za galuyo.

Pokalankhula, pitani nokha m'mawa ndi munthu wamkulu mmodzi amene onse awiri mumamulemekeza. Musatume mwana, musayambire pamowa kapena pamaliro, ndipo musaponye pa gulu la WhatsApp la m'mudzi. Munthu mukamuchititsa manyazi pagulu amakana ngakhale chomwe akuchidziwa. Pemphani zinthu zomveka: agalu amangidwe, alandire katemera, chomwe chawonongeka chibwezedwe. Ndipo akumbutseni mwaulemu za lamulo lomwe tonse timalidziwa. Mbuzi yanu ikalowa m'munda mwawo n'kudya chimanga, mumalipira ndinu, palibe amene amati mbuzi ilibe nzeru. N'chifukwa chake mwazimangirira. Galu nayenso ali ndi mwini.

Akakana, kadandauleni kwa anyakwawa. Zikakanika kumeneko zimakwera kwa agulupu, kenaka kwa a T/A, ndipo khoti la majisitireti likadali lotsegula kwa wofuna chipukuta misozi. Pa malipiro, njira yosadanitsa ndi mbuzi kubweza mbuzi, yofanana msinkhu, yaikazi kwa yaikazi. Ngati ndi ndalama, mtengo ukhale wa pamsika wapafupi, alangizi alembe pakapepala, muphatikize malisiti a mankhwala. Musakweze mtengo chifukwa cha mkwiyo, bwalo likazindikira limayamba kukayikira zonse zimene mwanena. Chigamulo chilembedwe m'buku la amfumu, chikhale ndi tsiku lomaliza kulipira ndiponso chomwe chidzachitike agalu akadzapezekanso akuyendayenda. Onse awiri musayine, aliyense atenge pepala lake.

Mmisiri wa makola

Achimwene, mlandu mungawine koma agalu m'dera mwanu si anayi okhawo. Konzani kwanu.

Mbuzi yomangirira kudambo popanda munthu ndi nyambo. Siingathawe, ndipo ikamadumphadumpha pachingwe galu ndiye amalusa. Zimangirireni pamene munthu akuziona, pafupi ndi nyumba kapena pomwe mukulima. Ana a mbuzi osakwana miyezi itatu ndi mikota yotsala pang'ono kubereka zisapite kudambo, zidulireni udzu ndi masamba zidyere m'khola. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndiye mwezi womalizawo ikhale pakhomo.

Khola lapansi la nsungwi galu amakumba pansi pake usiku umodzi. Mangani lam'mwamba. Mizati ya bulugamu yokhuthala bwino, yokumbira pansi masentimita 50 kapena 60, pansi pa khola patalike mita imodzi kuchokera padothi. Mbali yolowa m'dothi muiwaule pamoto kapena muipake oyilo wakuda chifukwa cha chiswe. Mitengo yoyala pansi isiyane mpata wa chala chimodzi, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Mpata ukachepa zitosi sizigwa, ukakula ana amalowetsa mwendo n'kuthyoka, ndipo galu ali kunsi amatha kugwira mwendo wolendewerawo. Mbuzi yaikulu imodzi ipatseni malo oposerako sikweya mita imodzi, ndiye pa mbuzi 9 ndi ana akubwerawo khola la mamita 3 kwa 4 likukwanirani. Zipupa zifike kudenga, mipata yake isalole mutu wa galu. Makwerero akhale ochotseka, madzulo muziwachotsa. Chitseko ndi pamene ambiri amalakwitsa: amamanga khola labwino n'kutseka ndi luzi. Ikani mahinjesi ndi loko.

Ngati mukufuna bwalo loti zizizungulira masana, waya wa nkhuku musatayirepo ndalama, galu amaung'amba ndi mano. Gulani waya wokhuthala wa diamond mesh, wotalika mita imodzi ndi theka kapena kuposa, mizati italikirane mamita awiri ndi theka. Pansi pake ndiye pofunika: kwirirani masentimita 30 m'ngalande, kapena pindirani kunja masentimita 40 n'kusanjapo miyala. Galu amakumba pomwe mpanda wathera, akapeza waya amagwa ulesi. Ngati thumba silikulola, sanjani nthambi za mthethe kapena kankhande, minga ziloze kunja, mulu wotambalala mita imodzi, muziwonjezera zikamafota. Khonje ndi wabwino koma amatenga zaka kuti atseke. Nkhadze samalani nayo, utomoni wake umawononga maso a ziweto ndi ana.

Chinanso, zotsalira pobereka, ana ofa ndi nkhuku zakufa musamaponyere agalu kapena kutaya kudzala. Kwirirani dzenje lakuya, mutsekepo ndi miyala. Agalu ambiri amaphunzirira pamenepo.

Wa za ziweto

Ndinaiwala za tameki. Chonde musatero. Nyama ya poizoni siisankha: idya nkhuku zanu, amphaka, agalu a anthu ena osalakwa, ndipo mwana woyamba kuyenda akhoza kuitola. Galu wodya tameki amasanza pomwe wadutsa, masanziwo nawonso amapha. Amafa akuchucha malovu ndi kuphupha, ndiye simudzadziwanso ngati anali ndi chiwewe, pamene mkota wanu ukudikira yankho limenelo. Komanso kupha chiweto cha mwini mwadala ndi mlandu ku polisi. Inu wodandaula mudzasanduka woyankha mlandu, za mbuzi zija n'kuiwalika. Galu woopsa kapena wokayikitsa, nenani kwa a za ziweto ndi apolisi, iwo ndiwo aone chochita.

Mlimi wa ku Mitundu

Zikomo kwambiri akuluakulu. Bala ndatsuka, alangizi abwera mawa. Koma ndikudziwa chomwe aneba akayankhe: akati agaluwo ndi alonda, akawamanga akuba alowa. Ndikawauze chiyani?

Mmisiri wa makola

Galu amene ali kudambo kuthamangitsa mbuzi sakulonda nyumba ya munthu. Koma musangowauza kuti amange, asonyezeni mamangidwe ake, chifukwa galu womangidwa pachingwe chachifupi padzuwa amalusa kuposa kale, amalira usiku wonse, mapeto ake mwini amamumasula.

Zikani mizati iwiri yolimba motalikirana mamita 10 kapena 15 m'mbali mwa nyumba, kokani waya wokhuthala pakati pake, lowetsani mphete yachitsulo pawayapo. Pamphetepo mangani tcheni cha mamita awiri chokhala ndi kachitsulo kozungulira kuti chisapotane. Cholinga n'choti galu azithamanga uku ndi uku. Ikani zotchinga pawaya pafupi ndi mizati kuti asadzikulunge, ndipo pasakhale mpanda kapena mtengo woti angadumphe n'kudzipachika. Lamba wa m'khosi akhale wachikopa kapena wansalu yolimba, wolola zala ziwiri kulowa, osati waya kapena chingwe cha nayiloni. Galu aliyense waya wake, mthunzi wake ndi mbale ya madzi. Mmodzi kutsogolo kwa nyumba, wina kukhola, wakuba amveka ali patali. Tsiku lililonse mwini aziwayendetsako ali pachingwe.

Adye kawiri patsiku. Phala la gaga lothira fumbi la usipa kapena bonya silidula, ndipo galu wokhuta sapita kutali. Funsaninso ngati mwa anayiwo muli wamkazi. Amafuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, kwa milungu itatu, ndipo nthawi imeneyo agalu a midzi yonse amasonkhana n'kumayenda chigulu. Ziweto zambiri zimagwidwa masiku amenewo. Atsekeredwe m'chipinda mpaka zitadutsa, kapena akatsekedwe kubereka, amphongo afulidwe. Ku Lilongwe a bungwe losamalira zinyama la LSPCA amagwira ntchito yotereyi pamodzi ndi katemera wa chiwewe, ndipo alangizi anu adziwa nthawi yomwe katemera akubwera m'dera lanu. Kufula kumachepetsa kuyendayenda, koma galu amene wazolowera kale kugwira mbuzi sasiya chifukwa chofulidwa. Ameneyo asamasulidwenso popanda mwini wake pambali.