Kodi “kutakata” kwa pa bawo ndi komwe timanena masiku anoku?

Mdzukulu wa ku Linthipe:
Anzanga ndithandizeni, ndinachita manyazi kumudzi pa Khirisimasi. Madzulo titadya, amalume anatulutsa bawo la malemu agogo aamuna, lija linang'aluka pangodya n'kumangidwa ndi waya. Ine zaka zambiri osaligwira. Titasewera pang'ono ndinapezeka ndilibe podya, ndiye ndinangoponya nkhomo yanga, kanjere kosewerera kaja, n'kuyamba kuyala. Amalume amvekere, “Eya, watakata.” Ine n'kudzigunda pamtima, “Inde amalume, ife a m'tauni timatakata.” Khonde lonse kufa nako kuseka, mpaka amayi aang'ono anatsamwa ndi chimanga chokazinga. Amalume akuti, “Iwe muphwa, pa bawo wotakata ndi amene wasowa chodya.” Nanga ife tikamati uje ndi wotakata, si timatanthauza kuti zake zikuyenda? Mawuwa anatembenuka liti? Kapena ndi mawu awiri ongofanana?

Mayi a mapasa:
Mwandikumbutsa agogo anga a ku Ntcheu. Iwo bawo lathabwa analibe, ankakumba timaenje pansi pa mtengo wa mango, ntchuwa, timiyala tikatole ndife kudambo. Akakudya sankalankhula, ankangonunkhiza fodya wawo wamphuno n'kukuyang'ana. Ukalira amati, “Pukuta mamina, yala.” Amuna a m'mudzimo ankawathawa. Ine mpaka lero ndikamva timiyala tikugundana ndimawaona atatambalala pamphasa, chitenje chafika m'maondo.

Mkulu wa pa Linga:
Mwana wanga, amalume ako akunena zoona, koma sanakuuze komwe mawuwo anachokera. Ndi Chiswahili. Kutakata m'Chiswahili ndi kuyera, kukhala wopanda litsiro. Ife kuno ku Nkhotakota tinakhala ndi a Jumbe, amalonda achiswahili aja, kuyambira zaka za m'ma 1840, anabwera ndi zombo zawo, chinenero chawo ndi masewera awo. Ku Zanzibar masewerawa amawatcha bao, ndipo kusewera kosadya amakutchanso kutakata. Tanthauzo lake ndi loti wasewera dzanja loyera, sunatenge cha mnzako. Ndipo taona lamulo lake: ukayamba motakata, ngakhale nkhomo yomaliza igwere moyang'anizana ndi za mnzako, sudya ulendo wonsewo mpaka igone. Dzanja loyera. Wotakata weniweni ndi amene akudya thukuta lake osaba.

Wa ku Chilomoni:
Bambo, zonse mukuzipereka kwa Aswahili? Nanga kutakataka? Mayi woyembekezera amati mwana akutakataka m'mimba, ameneyonso anaphunzira kwa Jumbe? Agogo anga m'mawa ankatidzutsa, “Takatakani ana inu, dzuwa lakwera,” uku akutakasa phala pamoto. Mawuwa ndi athu, ndi a kugwedezeka, kusakhala chete. Pa bawo ukasowa podya sungokhala manja lende, umayendetsabe nkhomo zako. Ndi zomwezo.

Mkulu wa pa Linga:
Kutakataka ndi kwina, kutakata ndi kwina. Musasakanize mpunga ndi mchenga. Ndanena kuti dzanja loyera.

Nachisale wa ku Joni:
Kkkk ine ndafa ndi amayi aang'ono otsamwawo. Kwathu bawo linali la bambo ndi anzawo, ife atsikana tinkangoonera patali tikupeta. Zathu zinali phada. Agogo ankakhala nafe, manja awo okwinyika koma mwala ukapita m'mwamba ankakokolola timiyala tonse m'bwalo n'kuuwakha usanagwe. Mwezi ukawala tonse pabwalo, ana a amayi aakulu, a amalume, chipako mpaka thukuta, kenaka agogo “Ndagi!” ife “Gize!” Amene walephera ndagi alipire mudzi. Mchimwene wanga anapereka midzi yonse mpaka anayamba kupereka Salisbury, Harare wa leroyu, poti bambo ankagwira ntchito kumeneko. Kuno ku Johannesburg tikamaimbirana timangoti “tikutakata achemwali,” ndipo kunena zoona masiku ambiri ndi kutakata kwa amalume anuko, kuyendayenda osadya kanthu.

Mdzukulu wa ku Linthipe:
Achemwali mwandilasa. Ndiye kuti amalume sanalakwe ngakhale pa za m'tauni zomwe.

Mphunzitsi wopuma:
Ndiyankhepo pang'ono poti ndinasewera bawo zaka zonse ndili pa ntchito, pansi pa mtengo kuseri kwa sitolo. Achinyamata mukuganiza kuti kutakata ndi kugonja. Ayi. Bawo lili ndi maenje 32, mizere inayi, nkhomo 64, aliyense zake 32. Pamene pali podya lamulo limakukakamiza kudya, ufune usafune. Koma potakata ndi pamene uli ndi ufulu wosankha, ndipo katswiri amaoneka pamenepo. Amawerenga mumtima kuti ndikayala kuchokera apa ikagona apo, mnzanga akasowa pondiluma, ulendo winawo ndimusesa mzere wonse wakutsogolo. Bambo anga ankatha kukhala duu, chala chili m'mwamba osakhudza dzenje, milomo ikungogwedezeka, tiyi mpaka kuzizira. Amayi kuchokera kukhitchini, “Kodi mwagona?” Iwo, “Ndikutakata.” Ndiye ine sindiona kusiyana kwenikweni. Wa geni akamazungulira ndi katundu tsiku lonse osagulitsa, akukonza za mawa.

Mkulu wa pa Linga:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino masewerawo, koma mwazemba funso. Mawuwo ndi a Chiswahili. Ngakhale dzenje la ngodya zinayi lija, ife timati nyumba, iwonso amati nyumba. Dzanja loyera, basi.

Wa ku Chilomoni:
Nyumba?? Bambo, ndiye nyumba yomwe ndikugonamoyi ndi ya Chiswahilinso? Kkkk tisiyireniko kena.

Wa ku Chipata:
Kuno kwathu ku Zambia timati nsolo, ndipo ambuya anga ankasewera ndi njere zilizonse zomwe zapezeka, nthawi zina za bwemba. Mawu akuti kutakata pa masewera sindinawamve kwa iwo. Chomwe ndimakumbuka n'chakuti ankabera. Ankabisa njere imodzi pakati pa zala, ukatembenuka kuthamangitsa nkhuku wapeza dzenje lako lachepa. Ukawagwira amati, “Maso ako anali kuti?” Ndiye za dzanja loyerazo kwathu sizinafike.

Mayi a mapasa:
Agogo onse anali choncho eti! Anganso ankatsokomola dala pofuna kusokoneza kuwerenga kwako.

Gogo wa ku Area 25:
Vuto ndi ana a masiku ano, amatola mawu osafunsa mwini wake. Safunsa anadya phula. Mdzukulu wanga ndikamufunsa wadzuka bwanji akuti “bho.” Ukupita kuti, “kokaphusha.” Kuphusha chiyani, galimoto yafa? Tsiku lina magetsi atazima ndinati bwerani tiponyerane ndagi, wamng'ono akundifunsa kuti ndagi ndi gemu ya pa foni iti. Ndinati “Padangokhala,” onse zii, palibe woyankha “Tili tonse.” Ndinangokagona. Ife tinkasewera masanje, kuphika nsima yeniyeni m'zitini, ufa wopempha kwa amayi, wina bambo wina mayi wina fisi. Lero masanje angosanduka mawu onyozera ntchito ya munthu.

Mfana wa pa Ndirande:
Agogo musatiphe. Inuyo bawo munatiphunzitsa? Tikayandikira pomwe madala akusewera amatithamangitsa kuti tikusokoneza, mwinanso kutituma fodya. Ine fulaye ndi mpira wa mapepala ndasewera, koma bawo ndinaphunzira ndekha pa depoti podikira minibasi kudzaza. Mawu timawapeza m'njira ndiye timawagwiritsa m'njira momwemo. Ndipo kutakata ife sitinenanso kwambiri, amatero ndi a zaka za makolo athu ndi a pa wailesi. Ife timati kuhasula.

Gogo wa ku Area 25:
Mwamumva? Kuhasula. Ambuye atichitire chifundo.

Mphunzitsi wopuma:
Koma mnyamatayu ali ndi mfundo, mayi. Ine ana anga anayi palibe amene ndinamukhazika pansi kumuonetsa. Bawo langa lili pamwamba pa kabati, nkhomo zina adzukulu anasewerera mpaka kutayika, ndinadzazamo mabulo.

Mkulu wa pa Linga:
Mukadawaphunzitsa bwenzi akudziwa kuti kutakata ndi kudya zoyera. Lero munthu waba katundu wa boma, wamanga nyumba zitatu, anthu akuti ndi wotakata. Ameneyo pa bawo ndi wakudya, si wotakata. Mawuwa anawadetsa ndi a m'tauni.

Wa ku Chilomoni:
Apo pokha ndikugwirizana nanu bambo, koma za Jumbezo ayi.

Nachisale wa ku Joni:
Inu mukukangana, ine misozi ili m'maso. Ndani ali ndi nyimbo yonse ya phada? Ndangokumbuka poyambira pokha, ndimafuna ndiphunzitse mwana wanga, miyala ndatola kale.

Mdzukulu wa ku Linthipe:
Ndawaimbira amalume kuwawerengera zonsezi. Za Chiswahili akuti iwo sadziwa, anamva kwa bambo awo, bambo awonso anaphunzira bawo kunyanja kokagula usipa. Za kutakataka akuti mwina. Kenaka aseka mpaka kutsokomola, akuti ndikauze anzanga a pa intanetiwo kuti masewera atatu onse ndinaluza, ndipo pa Isitala ndibwere ndi shuga ndidzatakatenso.

Mkulu wa pa Linga:
Kunyanja! Mwamva nokha. Kunyanja kwake kuti? Afunseni ngati sikunali ku Nkhotakota.