Laser tikadula nsonga ya muzu wa dzino: masekondi angati, ndipo liti?

A Kamwendo, Dedza:
Anzanga, makina athu a laser ndi a mtundu wa diode, kuwala kwake ndi kwa 810 nm, mphamvu yake 100 mW. Timawalitsa pa bala tikangomaliza kusoka kuti ululu ndi kutupa zichepe, koma tsiku lachitatu odwala akubwerabe tsaya lili lotupa. Tikuphonya mlingo kapena nthawi?

Mayi Chisale, Ntcheu:
A Kamwendo, kutupa kumafika pachimake pakati pa maola 48 ndi 72, ndiye za tsiku lachitatuzo pazokha si chizindikiro choti mwalakwitsa. Koma werengerani mlingo. Pa 100 mW, masekondi 10 ndi 1 J (joule, muyeso wa mlingo wa kuwala). Kuti malo amodzi alandire 4 J mukhalepo masekondi 40, mutu wa makina utagunda nkhama, utaima chilili osayendayenda. Mukausendeza kutali kapena kuupendeketsa, kuwala kumamwazika, fupa silikulandira. Pukutani kaye magazi, chifukwa amamwa kuwalako kusanalowe mkati. Walitsani pamwamba pa nsonga yodulidwayo ndi mbali zonse ziwiri za bala.

A Kamwendo:
Nanga titawonjezera nthawi kawiri?

Mayi Chisale:
Ayi ndithu. Mlingo ukapyola phindu limatsika. Wodwala akamva kutentha, imitsani. Kumbukirani kuti ali ndi dzanzi la jakisoni, mwina sangamve n'komwe, choncho musadalire iyeyo kuti akuchenjezani. Magalasi oteteza maso akhale a 810 nm, avale wodwala, inu ndi wokuthandizani. Osawalitsa pa chithokomiro kapena pa chilonda chimene mukuchikayikira khansa.

A Jere, Ntcheu:
Ine nkhawa yanga ili pena. Kafukufuku pa opaleshoni imeneyi sagwirizana: wina anapeza ululu utachepa tsiku loyamba lokha, wina sanapeze kusiyana kulikonse. Ndiye munthu wa ku Tsangano kapena ku Golomoti tisamulipiritse thiransipoti tsiku lililonse chifukwa cha kuwala. Walitsani tsiku la opaleshoni, mubwereze ngati wabwera kudzaonetsa bala. Chimene chimagwira ntchito kunyumba ndi ibuprofen 400 mg ndi paracetamol 1 g maola 8 aliwonse (wa zilonda zam'mimba kapena vuto la impso asamwe ibuprofen), kansalu kozizira pa tsaya mphindi 15 n'kupumira tsiku loyambalo, ndi kuchukucha chlorhexidine (mankhwala otsukira m'kamwa) kuyambira mawa lake.

Mayi Chisale:
Zoona zimenezo. Ndipo muwauze asanatuluke: kutupa kukamakulabe tsiku lachitatu litadutsa, thupi likatentha, mafinya akatuluka, kapena pakamwa pakakanika kutseguka, abwere msanga. Pamenepo laser ikani pambali, tsegulani mafinya atuluke, muone ngati pakufunika amoxicillin. Akamavutika kumeza kapena kupuma, mutumizeni kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo.