Pisitolo yoyamba kuno ku Joni, nditenge iti?

Wa_ku_Ntcheu:
Abale anga amene muli kuno ku Joni ndithandizeni maganizo. Ndili ku Germiston chaka cha 14 tsopano, mapepala a permanent residence anatuluka kalekale, ndili ndi kashopu kamatayala ndiye ndimaweruka usiku ndi ndalama mthumba, mukudziwa kale mmene zilili kuno. Training ndinapanga, competency (satifiketi yoti ndine woyenera kukhala ndi mfuti) ikudikira ku polisi, koma chilungamo chake chibadwire mfuti ndinaigwira masiku awiri okhawo a training aja basi. Kushopu yamfuti akundikakamiza Glock 43 akuti njaing'ono siioneka mmalaya, mnzanga wina akuti CZ 75 ndiye mfuti zinazi ndi zidole zapulasitiki, ndiye pali mdala wina kutchalitchi akuti ingogula revolver siidzakuvutitsa. Mutu waima. Inu munayamba ndi iti?

Chatsalira77:
Amwene musanafike pa dzina la mfuti mvetsetsani kaye kuti kuno laisensi imapita pa mfuti imodzi yeniyeniyo, serial number yake imalembedwa pa fomu ya polisi yofunsira laisensi, SAPS 271. Ndiye mumalipira kaye, mfutiyo nkutsala mu safe ya shopu, inu nkumadikira miyezi kuti a Central Firearms Register ku Pretoria ayankhe. Mukadzaitenga nkupeza kuti siikukhala bwino mdzanja simungakangosintha ngati nsapato ku Dragon City ayi, mukayambiranso mzere. Komanso pa section 13, ya kudziteteza ija, amakulolani imodzi yokha, laisensi yake ya zaka 5. Ndiye kusankha kwake nkwa kamodzi.

Ka 43 ako ine ndikukana. Ndi mfuti yabwino koma si ya munthu wophunzira. Anthu amaganiza kuti kamfuti kakang'ono ndiye kofewa, pamene ndi kameneko kamene kamalumpha kwambiri chifukwa chipolopolo ndi 9mm yomweyo koma kolemera kulibe, pogwira mpafupi chala chaching'ono chimatsala pang'ono kulendewera, ndipo magazini ake ndi 6 basi. Ine ndinapanga mistake imeneyo ndi kena kakang'ono, box imodzi ya 50 dzanja linali litatopa kale ndipo ndinayamba kuphethira ndisanakoke trigger, zipolopolo zonse zimangopita pansi chakumanzere. Zinanditengera pafupifupi chaka kuti chizolowezi chimenecho chichoke. Yang'anani zapakati, Glock 19 kapena CZ P-10 C, zonse zimatenga 15, zimabisika ndithu pansi pa shati koma dzanja lonse limakwanapo. Ngati thumba lavuta Canik ya ku Turkey kapena Taurus ya ku Brazil ziliko, koma funsani kaye ngati holster (kachikwama koikamo mfuti mchiuno) ndi magazini ake zikupezeka. Apa mpamene Glock imawinira, shopu iliyonse ili ndi katundu wake.

Nachisale_CPT:
Achimwene ine ndingowonjezera kuti osagula chinthu chomwe simunawomberepo. Ma range ambiri amabwereketsa mfuti, mumalipira zipolopolo ndi instructor, pitani Loweruka limodzi muyese zitatu kapena zinayi motsatizana. Ine amuna anga ankaumirira CZ 75 chifukwa ndi yomwe iwo ali nayo, ndipo zoona njokoma kuwombera, chitsulo chokhachokha pafupifupi kilo yathunthu ndiye siilumpha, koma kuwombera koyamba kuja hammer ili pansi trigger imakhala kutali, chala changa sichimafika bwino mpaka ndimachita kupotoza dzanja. Nanga kilo mchiuno kuyambira 7 mmawa mpaka 9 usiku mukugwada pa matayala? Mudzayamba kumaisiya kunyumba.

Poyesapo onani ngati chala chikufika pa trigger osasuntha dzanja, ngati mukutha kukoka slide (mbali yapamwamba ya mfuti yomwe imabwerera mmbuyo) ndi kutulutsa magazini osavutika, kenako muone pepala lanu kuti iti yaunjika pamodzi. Ndipo mukapemphe muyambe ndi .22, ya tizipolopolo tating'ono, ngati Ruger Mark IV ija, siimenya mdzanja komanso zipolopolo zake nzotchipa, mumaphunzira kuyang'ana sight yakutsogolo opanda mantha. Sindikuti mugule imeneyo ya section 13 ayi, ndikuti yophunzirira.

Mdala_wa_Revolver:
Hahaha mdala wakutchalitchiyo musamunyoze, akunena zoona pang'ono. Revolver ya .357 ngati Smith & Wesson 686 mumatha kuikamo .38 Special yofewa pophunzira, ilibe zokoka slide, chipolopolo chikakana mumangokokanso trigger. Koma ndivomere, njolemera, trigger yake njolimba, 6 zikatha kudzaza kwake nkochedwa, ndipo 9mm ndi imene imapezeka paliponse. Mwana wanga atafunsa ndinamuuza atenge 9mm ngakhale ine mwini sindisintha.

Koma ine nkhawa yanga ili pena. Kunyumba kuli ana? Mayi akunyumba mwakambirana nawo? Safe ikufunika yovomerezeka ndi SABS (bungwe la miyezo la kuno) yomangirira kukhoma kapena pansi, a DFO (wapolisi woona za mfuti kudera lanu) amafuna zithunzi zake ndipo atha kubwera kudzaona, kiyi wake asakhale pa mulu wamakiyi agalimoto womwe ana amaseweretsa. Mfuti ikhale pathupi panu mu holster yobisika kapena mu safe, osati pansi pa pilo, osati mu cubby ya bakkie. Ikabedwa mosasamala mlandu ndi wanu. Ndipo Glock ndi P-10 zilibe ka safety koti mutsekule ndi chala chachikulu, ndiye holster ikhale yolimba yophimba trigger yonse, zansalu zotchipa zija ayi. Chala kunja kwa trigger mpaka mwaloza chomwe mukufuna kuwombera, ndipo mfuti iliyonse muziitenga ngati muli chipolopolo ngakhale mwaitulutsa nokha.

Chatsalira77:
Mdala wanena. China muikiretu pa budget ndi zipolopolo, lamulo limakulolani kusunga 200 pa mfuti imodzi pokhapokha mutakhala dedicated (mlenje kapena wamasewera owombera wovomerezeka ndi bungwe lake), ndiye kuli bwino mfuti yotsikirapo mtengo nkumapita ku range mwezi ndi mwezi kusiyana ndi yodula yongogona. Mukazolowera kayeseni ma match a SADPA, bungwe la mipikisano ya pisitolo yodzitetezera, mumaphunzira kusolola mu holster pali munthu akukuyang'anirani. Renewal musadzaiwale, imafunika masiku 90 laisensi isanathe.

Komanso poti ndife a Malawi ndinene, December ikafika musadzayerekeze kukwera nayo bus yopita kumudzi. Laisensi ya kuno imathera pa Beitbridge, ku Zimbabwe, ku Tete ndi pa Mwanza ilibe ntchito popanda ma permit awo. Isiyeni mu safe kapena kaisungitseni kwa dealer. Ndipo aja amabwera nkumati ndili nayo yotchipa yopanda mapepala athaweni, simudziwa inapha ndani, ndende yake njaitali ndipo permanent residence yanuyo ipita nayo limodzi.

Wa_ku_Ntcheu:
Zikomo akuluakulu, a Nachisale mwandigwira penipeni pa nkhani ya kilo mchiuno, ndimagwada tsiku lonse ine. Ana alipo awiri, wamkulu ali ndi zaka 9 ndipo amatsegula chilichonse, ndiye safe ndiyamba nayo sabata ino, madam anavomera koma anati asadzaione patebulo. Ndaimbira range ina yapafupi akuti 19, P-10 C ndi .22 ali nazo zobwereka, 43 ndiyesanso kuti ndidzionere ndekha kulumphako. Deposit ndinatsala pang'ono kupereka Lachisanu lapitali eti. Funso lina, manja anga ngaakulu koma zala zazifupi, ma backstrap osinthasintha aja, tizidutswa takumbuyo kwa pogwirira, amathandizadi kapena ndi nkhani za ogulitsa?

Nachisale_CPT:
Amathandiza. Auzeni akuikireni yaing'ono kwambiri pa P-10, pa 19 muyese yopanda chowonjezera chilichonse kumbuyo. Mutengenso shati yomwe mumavala kushopu mukayese ndi holster mutagwada.